Mayi wa ku Delphi uja, ankaloseradi kapena ankangodya ndalama za anthu?

Mchemwali wina wanditumizira imelo ndi funso ili: "Ndinamva zoti kalekale ku Greece kunali mayi wina ku Delphi amene mafumu ankapita kukafunsira zam'tsogolo. Zinali zenizeni, kapena anali ngati asing'anga onama aja ongofuna ndalama?" Zikomo achemwali, nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri ndiye mundipirire nditalikitsako.

Delphi ili m'mbali mwa phiri la Parnassus, makilomita pafupifupi 180 kuchoka ku Athens. Panali kachisi wa mulungu wawo Apollo, ndipo Agiriki ankati pamenepo ndiye pamchombo pa dziko lonse, akuti Zeus, mulungu wawo wamkulu, anaulutsa ziwombankhanga ziwiri china kuchokera kum'mawa china kumadzulo n'kukumana pompo. Mayi mukunenayo sanali munthu mmodzi ayi, unali udindo, wotchedwa Pythia, wina akamwalira ankasankha wina mwa amayi a konko, ndipo zinayenda choncho zaka pafupifupi 1,000.

Komanso sikuti munthu unkangofika tsiku lililonse. Tsiku lofunsira linali la 7 pamwezi, miyezi 9 yokha pachaka, nthawi yozizira ankati Apollo wachokapo. Pythia ankayamba wasamba pa kasupe wa Castalia, ansembe n'kuwaza mbuzi madzi ozizira, ikanjenjemera ndiye kuti mulungu walola, ikangoti duu basi palibe kufunsa tsiku limenelo, olo mwachokera kutsidya kwa nyanja. Zikatheka mayiyo ankalowa chipinda chamkati mwa kachisi, kukhala pa mpando wa miyendo itatu, nthambi ya mtengo wa laurel ili m'manja, n'kumayankha. Kulipira kunalipo ndithu, nsembenso, ndipo mizinda ina inkapatsidwa mwayi wodumpha mzere.

Tsopano funso lanu lenileni. Ine mmene ndimaonera, timalakwitsa tikamaganiza kuti anthu ankapita kukafunsa kuti "mawa kuchitika chani". Ambiri ankapita atasankha kale zochita, chomwe ankafuna n'chakuti mulungu avomereze, ndiye funso linkakhala loti kodi n'kwabwino kuti ndichite zakutizakuti? Plutarch, amene anali wansembe ku Delphi komweko cha m'ma 100 AD, analemba kuti mafunso a nthawi yake anali oti ndikwatire kodi, ndiyende ulendo wa panyanja, ndikongoze munthu ndalama. Ku Dodona, malo ena ofunsira a Zeus kumpoto chakumadzulo kwa Greece, anafukulako timapale ta mtovu tokhala ndi mafunso oposa 4,000, ndipo mukamva zomwe zinalembedwapo mtima umakhudzidwa, nkhani za ana, za ziweto, za katundu wobedwa, za matenda. Anthu wamba amene nkhawa yawagwira, basi. Pali nkhani ya Xenophon, msilikali komanso mlembi wa ku Athens, imene ndimaikonda, asanapite kunkhondo ku Persia mu 401 BC, mphunzitsi wake Socrates anamuuza kuti akafunse ku Delphi, iye m'malo mofunsa ngati apite kapena ayi anakafunsa kuti ndipereke nsembe kwa milungu iti kuti ulendo wanga uyende bwino. Socrates anamudzudzula kuti wazembetsa funso. Mwaona eti, munthuyo anali atasankha kale.

Mayankho okuluwika otchuka aja aliponso. Croesus mfumu ya Lydia anafunsa ngati angamenyane ndi Aperisi, anamuyankha kuti akatero agwetsa ufumu waukulu, iye n'kusangalala, koma cha m'ma 546 BC Cyrus mfumu ya Aperisiyo anamugonjetsa, ufumu unagwawo unali wake womwe. Mu 480 BC, Aperisi akubwera kudzawathira nkhondo, anthu a ku Athens anali atauzidwa kuti khoma la matabwa ndi lomwe lidzawapulumutse, ena anati ndi mpanda wa pa Acropolis, phiri la pakati pa mzinda wawo, koma mtsogoleri wawo Themistocles anati ayi ndi zombo, ndipo anakapambanadi panyanja ku Salamis. Koma onetsetsani, nkhani ziwirizi tikuzidziwa kudzera mwa wolemba mbiri Herodotus amene analemba patapita zaka zambiri zinthu zitachitika kale, ndiye ine sindingalumbire kuti mawu anatuluka choncho ndendende pakamwa pa Pythia. Chomwe chimandigwira mtima pa ya Salamis n'chakuti yankho silinathetse mkangano, anthu anakhalabe pabwalo n'kutsutsana tanthauzo lake.

Nanga ziphuphu? Zinalipo. Herodotus yemweyo akuti Cleomenes mfumu ya Sparta anakonza zoti Pythia wina, Perialla, anene kuti mfumu inzake Demaratus sanali mwana weniweni wa bambo ake, Demaratus n'kuchotsedwa pampando. Zitaululika mayiyo anamuchotsa paudindo ndipo munthu amene anamunyengerera anathawa mu Delphi. Kukanakhala kuti aliyense ankadziwa kuti ndi sewero chabe sakanakwiya choncho.

Ena amati mayiyo ankaledzera ndi gasi. Plutarch anatchulapo za fungo lokoma lomwe nthawi zina linkamveka m'kachisimo. Afalansa atayamba kufukula mu 1892 (anachita kusamutsa mudzi wonse wa Kastri umene unamangidwa pamwamba pa mabwinjawo) sanapeze phanga lotulutsa nthunzi lomwe anthu akale ankanena. Kenako cha m'ma 2001 akatswiri ofufuza De Boer ndi Hale ndi anzawo anati pansi pa kachisiyo pamadutsana ming'alu ya nthaka ndipo mwina munkatuluka gasi wotchedwa ethylene, koma akatswiri ena amatsutsa mpaka lero. Ine gasiyo sandisuntha kwenikweni, chifukwa gasi sangakuuze koti ukamange mzinda. Anthu a pachilumba cha Thera anatumizidwa ku Libya ndi mawu a ku Delphi, n'kukayambitsa Cyrene cha m'ma 631 BC, mzinda umene unadzalemera kwambiri, ndipo zimenezi n'zosadabwitsa ukaganizira kuti amalinyero, amalonda ndi nthumwi za mizinda yonse ankakumana pamalo amodzi amenewa, ansembe akumva zonse.

Ndiye achemwali, kuti ankaona zam'tsogolo ine sindikhulupirira, koma kunena kuti anali akathyali chabe ndikukananso. Mphamvu zake zinayamba kuchepa m'nthawi ya Aroma, ndipo zinatheratu m'ma 390 AD mfumu Theodosius italetsa chipembedzo cha milungu yakale. Mukadzapeza mwayi wopitako musadzangothamangira mizati ya kachisi, mudzaimeko pakhoma lalikulu la miyala lomwe lili m'munsi mwake, palembedwa mazanamazana a mapangano omasula akapolo, kapolo ankachita ngati wagulitsidwa kwa Apollo n'kukhala mfulu, mayina awo ndi mitengo yake zikuwerengekabe.