Dishi yopirira chisanu cha ku Scotland

Bambo wina amene anasamukira ku Aberdeen, mzinda wa ku Scotland, wanditumizira imelo yofunsa mtundu wa dishi yoti agule, popeza kanema wa m'nyumba imene akuchita lendi amadukaduka chisanu chikangoyamba, ndipo iwo akuganiza kuti kuzizira ndi kumene kukuwononga zipangizozo.

Bambo, kuzizira pakokha sikuwononga dishi, ndipo kachipangizo kokhala kutsogolo kwake, kotchedwa LNB, kamagwira bwino ntchito ngakhale madzi ataundana panja. Zimene zikukuvutitsani ndi kuchepa kwa dishi, madzi olowa m'nthambo, ndiponso mphepo.

Kanema wa pa dishi ku UK amaperekedwa ndi Sky ndi Freesat (yomwe inayamba mu 2008 ndipo salipira pamwezi), ndipo zonsezi zimalandira kuchokera ku masetilaiti a Astra 2, amene ali pa madigiri 28.2 kummawa, pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator. Munthu akamapita kumpoto, setilaitiyo imaoneka yotsika kwambiri, ndipo mafunde ake amadutsa m'mitambo yochuluka asanafike pakhomo. N'chifukwa chake dishi yaing'ono ya Zone 1, imene imakwanira ku London, imalephera kwanuko mvula kapena chipale chofewa chikamagwa. Gulani ya Zone 2, ya masentimita pafupifupi 60, kapena yokulirapo ngati khoma lili lolimba. Dikoda ya DStv yochokera kumudzi musavutike nayo, chifukwa mafunde ake amalunjika ku Africa.

Nkhani ya nthambo ndi imene anthu amainyozera, koma ndi pamene mavuto ambiri amayambira. Mukamasula nthambo pa LNB n'kupeza kawaya ka pakati katachita dzimbiri lobiriwira, dziwani kuti madzi analowa kalekale. Madziwo akaundana usiku amatupa n'kung'amba pulasitiki, kenako masana amasungunuka n'kuyenda m'kati mwa nthambo, mwina mpaka kukafika kuseri kwa dikoda. Sankhani nthambo ya kopa ya WF100, imene m'kati mwake ndi modzaza osati mwamphako, ndipo polumikizira pakulungidwe ndi tepi ya labala yodzimata yokha, osati tepi wamba ya magetsi imene imamatuka ikazizidwa. Nthamboyo isanalowe pakhoma iyambe yatsika pang'ono n'kukweranso, kuti madzi azidonthera pansi.

Popeza Aberdeen ili m'mbali mwa nyanja ya North Sea, mphepo yake imabwera ndi mchere, choncho zitsulo zogwirizira ndi mabawuti zikhale zosachita dzimbiri. Dishi ikangosuntha pang'ono chabe, chithunzi chimatha.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: musalole kuti aiike pamwamba pa denga ngati pakhoma pali malo oyang'ana kummwera chakummawa popanda mtengo kapena nyumba yotchinga. Chipale chonyowa chimamatirira pa LNB ndi pamkono wake, ndipo dishi ikakhala pofikirika mungochichotsa pang'onopang'ono ndi tsache lofewa mutaima pansi. Kukwera makwerero pansi pakuterera n'kuika moyo pachiswe chifukwa cha mpira wa Loweruka, ndipo kuthira madzi otentha kumangowonjezera oundana ena. Zotenthetsera dishi zimagulitsidwa, koma m'mphepete mwa nyanja chipale sichikhalitsa moti n'kuwonongera ndalama.

Musanaboole khoma, pemphani chilolezo cholembedwa kwa eninyumba, ndipo muwafunse ngati dishi yakaleyo ndi udindo wawo kuikonza.