Kwa achemwali a geni ya usipa ku Senga Bay: Excel kapena chikwama cha pafoni?

Achemwali, mwafunsa kuti pa geni yanu ya usipa, womwe mumapikula ku Senga Bay n'kumatumiza kwa makasitomala a ku Lilongwe, musankhe chiti: kuphunzira kulemba bajeti pa Excel (pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kuwerengera manambala) monga akukulimbikitsirani mwana wanu, kapena kungodalira Airtel Money ndi Mpamba poti mameseji onse amatsala m'foni. Mwatinso ndalama zimalowa ndithu, koma mwezi ukamatha simuona komwe zapita.

Chikwama cha pafonicho musachisiye, koma musachipatse ntchito yowerengera phindu chifukwa sichingaithe. Chimasunga ndi kunyamula ndalama basi. Chikuuzani kuti K40,000 yapita ku nambala yakuti pa ola lakuti, koma sichidziwa ngati inali ya nsomba, ya fizi kapena ya chipepeso. Za kashi ndiye sichiziona n'komwe, chonsecho kunyanja zambiri zimayenda pamanja: wonyamula thumba, wa kabaza, chiphaso cha msika, ndiwo za madzulo. Ndalama zanu zikutayikira pamenepo, ndipo chomwe chikusowa ndi polemba.

Musanatsegule Excel, yambani mwalekanitsa ndalama. Poti muli ndi manambala awiri, imodzi ikhale ya geni yokha, inayo ya pakhomo. Makasitomala onse azilipira pa ya geni. Loweruka lililonse muzidzilipira nokha ndalama yomwe mwakhazikitsa, kuchoka ku geni kupita ku ya pakhomo, ndipo zogula mayunitsi a ESCOM, bandulo, sopo ndi zotumizira achibale zizichokera kumeneko. Ikatha yatha, mudikire Loweruka lina. Kutumiza kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina kuli ndi mtengo wake, choncho onani kaye pa chikalata cha mitengo chomwe chimakhala kwa ejenti. Ngati mukuona kuti akudula zambiri, tapani kashi ya geni kamodzi n'kupatulapo ya pakhomo. Mitengo yotapira imayenda m'magawo, ndipo kutapa K5,000 kakhumi kumadya zambiri kuposa kutapa K50,000 kamodzi.

Tsopano za polembapo. Ngati foni yanu ndi ya mabatani, yongoimba *211# kapena *444#, musagule foni yaikulu chifukwa cha bajeti. Kope la hardcover ndi rula zikwanira, bola mulembe monga tifotokozere apa, mwana wanu azikopera pa kompyuta kamodzi pa sabata. Ngati muli ndi foni ya Android, tikulangizani Google Sheets, pulogalamu yofanana ndi Excel. Ndi yaulere, imasunga zolemba zanu mu akaunti ya Google kotero foni ikagwera m'madzi kapena kubedwa simutaya kanthu, ndipo mwana wanu atha kuona tsamba lomwelo ali kutali. Muyatse batani la Available offline pa fayiloyo mukadali pa intaneti, apo ayi idzakana kutseguka tsiku lomwe bandulo yatha. Excel imagwiranso ntchito yomweyi ndipo mafomula ake, omwe ndi malangizo ouza makina zoti awerengere, ndi omwewa.

Tsamba likhale limodzi, la mizere yotsika isanu ndi iwiri. A ndi tsiku. B ndi chomwe chachitika, ndipo apa muzilemba ndi kuchuluka komwe, monga "usipa mabigili 30". C ndi gulu. D ndi zolowa, E zotuluka, F zomwe adula potumiza kapena potapa, G komwe ndalamayo inali: kashi, Airtel, Mpamba kapena banki. Magulu asachuluke: malonda, kupikula, transipoti, msika, malipiro anga, zowonongeka, kusamutsa. Mizere yoyamba mulembe zomwe muli nazo tsiku loyambira pamalo aliwonse, pansi pa gulu la kusamutsa kuti zisaoneke ngati malonda.

Mafomula ofunika ndi ochepa. Kuti mudziwe zomwe transipoti yadya, lembani =SUMIF(C:C,"transipoti",E:E) m'kabokosi ka pambali, monga mu mzere wa I. Zonse zomwe adula ndi =SUM(F:F). Zomwe ziyenera kupezeka mu Airtel Money ndi =SUMIF(G:G,"Airtel",D:D)-SUMIF(G:G,"Airtel",E:E)-SUMIF(G:G,"Airtel",F:F), ndipo mukasintha dzinalo mupeza za Mpamba ndi za kashi.

Pali malo atatu pomwe ambiri amasokonekera, ndipo poyamba mpomwe pamavuta kwambiri: kutapa ndalama kwa ejenti si kuononga. Mukatapa K100,000 n'kuilemba ngati yotuluka, kenako n'kulembanso K100,000 yomweyo mutapikulira usipa, tsamba lidzakuuzani kuti mwagwiritsa ntchito K200,000 ndipo mudzaganiza kuti geni yagwa. Kutapa kulembedwe mizere iwiri ya gulu la kusamutsa: yotuluka ku Airtel pamodzi ndi zodulidwa zake mu F, ndi yolowa ku kashi. Powerengera phindu gulu limeneli musaliphatikize.

Pachiwiri ndi kalembedwe ka manambala. Mukalemba K5,000 ndi chilembo K kutsogolo, makina amaiona ngati mawu ndipo SUM imangoidumpha osakuchenjezani. Lembani 5000 basi. Chizindikiro chake n'chosavuta: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, yomwe yasanduka mawu imatsamira kumanzere. Chimodzimodzi mayina a magulu. Lero "transipoti", mawa "thiransipoti", fomula iwerenga amodzi okha. Mwana wanu aike kamndandanda kosankhapo mu C ndi mu G, komwe pa Sheets kamatchedwa Dropdown, kuti muzingodina.

Pachitatu ndi ngongole. Kasitomala wa ku Area 25 amene walandira thumba n'kunena kuti atumiza akagulitsa sanakulipireni. Musalembe mu D mpaka ndalama italowa. Mutsegulire angongole tsamba lachiwiri: dzina, tsiku, kuchuluka, tsiku lolonjeza. Geni zambiri za nsomba zimafera pa katundu wongongoza amene mwini wake ankamuwerengera kale ngati phindu.

Tiyerekeze ulendo umodzi, manambalawa ndi ongopereka chitsanzo. Mwapikula usipa wa K180,000, matumba ndi onyamula K7,000, minibasi ya ku Lilongwe K25,000, msika K2,000, zodulidwa K4,000. Zonse ndi K218,000. Mwagulitsa K260,000, koma K30,000 idakali m'manja mwa anthu. Foni ikuonetsa kuti K230,000 yalowa ndipo mtima ukhala pansi. Tsamba likuonetsa kuti chomwe mwagwira pamwamba pa mpamba wa geni ndi K12,000 yokha, ndipo mukatengapo K20,000 ya pakhomo mwayamba kudya mpambawo.

Lamlungu madzulo muzifananiza. Funsani balansi pa nambala ya geni, werengani kashi ya m'chikwama, muone ngati zikugwirizana ndi zomwe mafomula akunena. Zikasiyana, bwererani m'mameseji a sabatayo. Kawirikawiri mudzapeza bandulo yomwe munagula usiku, zodulidwa zomwe simunalembe, kapena ngongole ya pafoni yomwe yadzibweza yokha ndalama itangolowa. Musadikire mwezi, chifukwa mameseji amafufutika foni ikadzadza ndipo za kashi mutu sukumbuka.

Ubwino weniweni wa tsambali mudzauona likakwanitsa chaka, chifukwa geni ya usipa siyenda mofanana. Mwezi ukawala asodzi a nyali sapha zambiri. Mwera ukalimba, kuyambira cha mu May mpaka August, mabwato amakhala kumtunda masiku angapo. Nthawi ya mvula nsomba imavunda pa thandala, ndipo ku chilumba cha Mbenji amatseka usodzi kuyambira December mpaka April. Nsomba yowonongekayo muziilemba mu B ndi kuchuluka kwake, osaikanso ndalama mu E poti munalipira kale popikula. Mukaona miyezi yoonda pa tsamba mudzadziwa zoti mupatule zingati m'miyezi yabwino, kaya ku banki m'khonde kaya ku akaunti ya banki. N'chifukwa chakenso tikuumirira zolemba mabigili. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ikamakwera motero munthu atha kuona ndalama zikuchuluka m'foni pomwe mabigili omwe angapikule akuchepa. Mpamba wa geni yanu muziuyeza ndi nsomba yomwe ungagule.

Tikupempheninso kuti musamale nambala ya geniyo, poti ndalama zonse zizisonkhana pamenepo. Ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, osati cha mwana kapena cha bambo a kunyumba, chifukwa simu ikatayika amapereka ina kwa mwini chiphasocho. Pini musauze munthu, ngakhale woimba foni wonena kuti ndi wa ku kampani, ndipo musailembe m'tsamba la bajeti lomwe ena akuliona. Potumiza muziwerenga dzina lomwe latuluka musanaike pini. Kasitomala akati watumiza, musakweze thumba m'minibasi chifukwa cha meseji kapena chithunzi chomwe wakutumizirani, poti zimenezi anthu amapeka. Funsani balansi nokha. Ndipo popita kukapikula ku madoko akutali ndi Salima boma, tapiranitu ku Kamuzu Road dzulo lake, chifukwa ejenti wa kugombe nthawi zambiri sakhala ndi kashi yokwanira m'mamawa pomwe mabwato akukocheza.