Agogo anu sanakunamizeni, a Zambia anaseweradi World Cup ya kiriketi

Mnyamata wina wa ku Chilenje wandilembera imelo. Akuti agogo ake aamuna amaumirira kuti anthu a kuno anasewerapo World Cup ya kiriketi, koma iye akafufuza pa intaneti dzina la Zambia silipezeka. "Kodi si ukalamba umenewu?" akufunsa choncho.

Achimwene, pitani mukawapepese agogowo. Dzina simukulipeza chifukwa timuyo inkatchedwa East Africa, ndipo munali osewera a ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi Zambia. Inalowa m'bungwe la ICC, loyang'anira kiriketi padziko lonse, mu 1966. Pamene World Cup yoyamba inkachitika ku England mu 1975, matimu anali 8 okha, ndipo South Africa inali yoletsedwa chifukwa cha tsankho la apartheid. Timu yokhayo yochokera ku Africa inali yathuyi. Kaputeni anali Harilal Shah wa ku Kenya, ndipo Parbhu Nana ndi mmodzi mwa amene anachokera ku Zambia.

Za mmene zinayendera, musayembekezere nthungululu. Masewero onse atatu tinaluza, ndipo tinaluza moonekeratu. Pa bwalo la Edgbaston, Glenn Turner wa New Zealand anamenya ma run (mapointi a mu kiriketi) 171 yekha osatulutsidwa, pomwe timu yathu yonse inathera pa 128. Munthu mmodzi kuposa khamu lonse! Ku bwalo la Headingley kunali Bishan Bedi wa India, amene sankaponya mwamphamvu ayi, ankangozunguza mpira pang'onopang'ono. M'ma over 12, ndiye kuti mipira 72, anyamata athu anangopezapo ma run 6. India inapambana osataya wiketi ngakhale imodzi (ndiye kuti palibe womenya mpira wawo amene anatulutsidwa), ndipo aka kanali koyamba kuti ipambane pa World Cup. England nayo inatitulutsa tonse pa 94.

Ine sindiwaseka. Ambiri mwa iwo kiriketi sinali ntchito yawo, ankasewera kumakalabu akaweruka kuntchito, kenako n'kukaimirira pamaso pa akatswiri amene amadyera momwemo. Mmodzi wa iwo, John Nagenda wa ku Uganda, anadzakhala mlangizi wa Pulezidenti Museveni. Don Pringle anamwalira pa ngozi ya galimoto chaka chomwecho, koma mwana wake Derek anadzasewerera England.

Kenako timu inayamba kuphwasuka. Kenya, yomwe inali msana wake, inachoka mu 1981. Mu 1989 otsalawo anatenga Malawi n'kukhala East and Central Africa, ndiye ngati muli ndi abale ku Mchinji kapena ku Blantyre, nawonso nkhaniyi ndi yawo. Uganda inadziimira payokha mu 1998, Tanzania mu 2001, ndipo mu 2003 Zambia ndi Malawi aliyense analowa mu ICC payekha. Mu 2021 Zambia inachotsedwa m'bungwelo chifukwa cha kayendetsedwe ka masewerowa kuno kwathu, ndipo imeneyo imandiwawa kuposa ma run 94 aja.

Mukapita kwa agogo Lamlungu, afunseni ngati masewero a 1975 ankawamvera pa wayilesi kapena ankadikira nyuzipepala. Mundilembere zomwe akayankhe.