Za lena, Hilux ya amalume ndi Khwekhwerere

Mnyamata wina wa ku Tsangano wanditumizira imelo Lachiwiri, akuti ali ndi zaka 17, amayendetsa kale pikapu ya bambo ake kukatuta kachewere kumunda, ndiye akufunsa ngati kuli kofunika kuvutika ndi lena (chiphaso chophunzirira kuyendetsa galimoto) kapena angopereka ndalama kwa "munthu wodziwa njira" amupangire laisensi basi. Ndinaseka kaye, kenako kuseka kunatha chifukwa mphwanga iweyo ndi ine ndendende zaka zimenezo.

Ine chiwongolero ndinachiphunzirira pa bwalo la mpira kwathu cha ku Bembeke, pa Hilux yakale ya amalume yomwe sitata yake inafa kalekale moti usiku timaiimika potsetsereka kuti mmawa tingochotsa mwala kuthayala nkuidumphitsa ndi giya yachiwiri. Pofika zaka zakozo ndinkatha kubwerera rivesi kulowa pakati pa magolo osakhudza mtengo, ana asukulu nkumandiombera mmanja, ndiye mutu unakula, ndinkayenda ndi kiyi pachala ngakhale popita kuchigayo.

Tsiku lina amalume anapeza oda ya kabichi ndi kachewere ku Golomoti, tinapakira mpaka matumba kupitirira denga. Titakhota pa Masasa anangoimika nkunena kuti "iwe paja umati ndiwe dalaivala, bwera kuno." Amene munatsikapo Khwekhwerere, msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti, mukudziwa, umapindika ngati njoka, uku phiri uku phompho, Golomoti ukumuona pansi penipeni ngati mabokosi a machesi. Ine ndinaika giya yachinayi, mwendo pa buleki kuyambira pamwamba, ndikumva kukoma. Makona angapo kenako fungo linayamba, lija la ngati wina wasiya mphika wopanda madzi pamoto, ndipo buleki ija inayamba kufewa, ndikaponda ikungolowa ngati ndaponda nthochi yakupsa. Amalume, munthu woti sakweza mawu ngakhale pamaliro, anakuwa "giya yachiwiri iwe! tsitsa giya!" dzanja lawo lili pa handibuleki akukoka pang'onopang'ono. Injini inalira ngati ikufa koma galimoto inagwira, tinakaima pambali utsi ukutuluka kumatayala akutsogolo, amayi ena atasenza nkhuni anaima nkumatiyang'ana osayankhula kanthu. Miyendo yanga inkanjenjemera moti sindinathe kutsika.

Amalume anakhala pamwala mpaka mabuleki kuzizira, kenako anandifotokozera ngati akuuza mwana wa sitandade wani kuti potsetsereka ndi katundu injini ndi imene imagwira galimoto, buleki ukaiponderera imatentha, mafuta ake amawira nkusiya kugwira. Pa bwalo la mpira palibe amene akanandiphunzitsa zimenezo chifukwa palibe chitunda, palibe basi yobwera kutsogolo, palibe mwana wothamangira mbuzi.

Mukuganiza kuti ndinachenjera? Ayi ndithu. Chaka chotsatira ndinakumana ndi dobadoba pa depoti ya Dedza, bambo wovala jekete yabwino atanyamula envelopu ya kaki, anandiuza kuti "achimwene inu zamayeso zisiyeni, Lachisanu kadi ili mmanja." Ndinamupatsa ndalama ya matumba atatu a kachewere omwe ndinalima ndekha, kuthirira ndi khasu ndi keni mpaka msana kuuma. Lachisanu foni yozima. Lolemba yozima. Ndinabisa nkhaniyi kwa mayi anga miyezi iwiri, atadziwa anangoti "matumba atatu eti" nkupitiriza kusankha nyemba, mawu amenewo amandipwetekabe kuposa akanandikalipira.

Koma pano ndimati mwina anandithandiza pondibera, chifukwa akanandipatsadi kadiyo bwenzi ndili pa M1 ndisakudziwa kuti mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu ukutanthauza usapitirire mnzako. Ndipo apa ndinene mosabisa, ogula laisensi ine sindiwamvera chisoni olo pang'ono, ndipo makolo amene amapereka ndalama yake ndi amene ndimawakwiyira kwambiri. Taimani pa Lizulu tsiku la msika muone, msewu waukulu wadutsa pakati pa msika, mbali iyi Malawi mbali inayo Mozambique, amayi a tomato akuwoloka ndi madengu, anyamata akuthamangira minibasi iliyonse ndi karoti mmanja, ma truck akuchokera ku Blantyre akudutsa, ndiye pamenepo mubweretsepo mwana amene sanatsegulepo Highway Code, buku la malamulo a pamsewu? Kapena nkhungu ya ku Dedza mu June ndi July, ija yoti ngakhale boneti yako suiona bwino, wina osadziwa amayatsa ma full, magetsi owala kwambiri aja, kuganiza kuti aona patali pomwe kuwalako kumangobwerera mmaso mwake. Za akabaza a njinga zamoto ndisayambe nkomwe, atatu panjinga imodzi, helemeti ili pa chigongono, ena ndi anzanga ndimawakwera ndikachedwa koma ndimapemphera njira yonse.

Ena akuti mayeso ndi ovuta dala. Ine ndinalephera koyamba, ndinasokoneza zikwangwani zamakona atatu zochenjeza ndi zozungulira zolamula, komanso za amene ayambe kudutsa pa raundabauti poti kwathu kunalibe raundabauti, ndinaiona bwinobwino ku Lilongwe. Kachiwiri ndinakhoza nditawerenga sabata ziwiri ndi tochi ya foni, palibe zamatsenga.

Tsono yankho lako

Dikira ukwanitse 18 chifukwa code B, ya galimoto zing'onozing'ono ngati pikapu ya bambo akoyo, ndi ya msinkhu umenewo, panopa onetsetsa kuti chitupa cha unzika cha NRB uli nacho ndipo gula Highway Code uziwerenga. Ikakwana nthawi kwera minibasi upite wekha ku Road Traffic, a DRTSS, ulawire. Uyamba ndi Traffic Register Card, akujambula nkutenga zidindo za zala mu MalTIS (makina awo a kompyuta), akuyeza maso, ulemba mayeso a malamulo a pamsewu, ndalama iliyonse lipira pomwe akupatse risiti, wina akakuitanira kuseri kwa mpanda usapite. Ukapeza lena mata chizindikiro cha L kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto, usayendetse wekha popanda wa laisensi pambali pako, ndipo lembetsa ku sukulu yoyendetsa galimoto yovomerezeka ngakhale ukuona ngati ukudziwa kale, akakuchotsa tizizolowezi takumunda monga kupumitsa mwendo pa kilatchi.

Hilux ija ilipobe kuseri kwa nyumba ya amalume, ili pamiyala, nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala. Ndinapitako mwezi watha ndi galimoto yanga, laisensi ili mthumba chaka cha khumi ndi chinayi, potsazika amalume anasuzumira pawindo nkundifunsa kuti ndidzera njira iti, nditati ya Golomoti anandiuza kuti nditsike ayendetse okha.