Za Ntchito Yoperekera Katundu pa Njinga Yamoto

Achimwene, mwafunsa ngati foni yasinthadi ntchito yoperekera katundu pa njinga yamoto kuno ku Johannesburg. Yasintha kwambiri. Kale abwana ankatuma munthu pakamwa, ndipo akachedwa chifukwa cha mvula ankatha kufotokoza n'kumveka, koma lero amene amagawa maulendo ndi pulogalamu ya pafoni, yomwe imawerengera mphindi iliyonse pamodzi ndi nyenyezi zimene makasitomala amapereka posonyeza mmene akhutirira ndi ntchito.

Chiyambire 2019, pamene kampani ya masitolo ya Checkers inakhazikitsa Sixty60, pulogalamu yake yogulira zinthu pafoni n'kukubweretserani pakhomo, njinga zachuluka m'misewu ya Sandton ndi Randburg, ndipo abale athu ambiri apezapo chochita. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti pa ntchito zambiri zoterezi ndalama za mafuta, data ndi zokonzetsera njinga zimatuluka m'thumba mwanu, choncho muwerengere mofatsa musanasiye ntchito yanu ya m'gadeni ija.