Jim Reeves: mawu aja anawasintha yekha

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji "Mexican Joe" ikumveka ngati waimba munthu wina, komanso kuti zimbale za Jim Reeves za 1966 zinachokera kuti pomwe iye anamwalira mu 1964. Zimene makutu anu amva n'zoona.

Reeves anabadwa mu 1923 ku Galloway, ku Texas. Mtima wake unali pa masewera a baseball, koma atavulala mwendo anakhala muulutsi wa pawailesi, mpaka anafika ku wailesi ya KWKH ya ku Shreveport komwe kunkachitikira pologalamu ya nyimbo ya Louisiana Hayride. Nyimbo zake za ku Abbott Records, "Mexican Joe" ya 1953 ndi "Bimbo", ankaziimba mokweza, ataima patali ndi maikolofoni, mawu akuchokera kukhosi ndi m'mphuno monga ankachitira oimba country a nthawiyo, kuti asamizidwe ndi vayolini ndi gitala ya steel.

Analowa kampani yojambula nyimbo ya RCA Victor mu 1955, koma kusintha kwenikweni kunadza mu 1957 ndi "Four Walls", imene anaijambulitsa pansi pa Chet Atkins, woyang'anira kujambula nyimbo ku RCA. Apa anatsitsa mawu, n'kusendeza pakamwa pafupi kwambiri ndi maikolofoni. Maikolofoni a mtundu wa ribbon amanenepetsa mawu a pansi munthu akayandikira, ndiye mawu aja amamveka ngati akukunong'onezani m'khutu. Koma n'kovuta. Ukangokankha mpweya pa "p" kapena "b", maikolofoni imaphulika ndi phokoso, ukasuntha mutu pang'ono mawu amazilala. Ntchito ya uulutsi ndiyo inamuphunzitsa kusamala mpweya ndi kutchula liwu lililonse bwinobwino, ndipo ine ndikuona kuti n'chifukwa chake ngakhale makolo athu odziwa Chingelezi chochepa ankamumva. Anachepetsanso vayolini ndi steel, m'malo mwake kunabwera piyano ya Floyd Cramer ndi oimba othandizira kumbuyo. Mvetserani "He'll Have to Go", yojambulidwa mu 1959. Kampani inaiika kuseri kwa mbale, koma aulutsi anaitembenuza, ndipo mu 1960 inakhala pamwamba pa nyimbo za country masabata 14.

Ku South Africa anafikako mu 1962, anaimbako nyimbo za Chiafrikaans, n'kuseweranso mufilimu ya Kimberley Jim.

Pa 31 Julayi 1964 ankayendetsa yekha kandege kuchokera ku Batesville, Arkansas, ali ndi woimba piyano wake Dean Manuel. Analowa mu mvula yamkuntho pafupi ndi Nashville ndipo onse awiri anafera pomwepo. Anali ndi zaka 40.

Anasiya matepi ambiri osatulutsidwa, ena ongoyeserera, ndipo mkazi wake Mary ankawatulutsa pang'onopang'ono. Akatswiri ankatenga mawu ake n'kuwaveka zoimbira zatsopano. "Distant Drums", imene inakhala nambala 1 ku Britain mu 1966, inapangidwa motero. Nyimbo ya 1981 yoimba ndi Patsy Cline, woimba wina wa country, anachita kulumikiza matepi awiri, onse atamwalira kale.

Choncho pogula musangoona chaka cha pachikuto, funani chaka chojambulira. Zojambulidwa ndi kutulutsidwa pakati pa 1957 ndi imfa yake mu 1964 ndizo zimene iye mwini anaimba ndi mawu otsika aja limodzi ndi oimba anzake m'situdiyo. Pa zauzimu yambani ndi chimbale cha We Thank Thee cha 1962, momwe muli "This World Is Not My Home".