Chikhadabo chokhuthala cha mwana: musathamangire mankhwala a mafangasi

Amayi, mwanena kuti mwana wanu ali ndi zaka ziwiri, zikhadabo za zala zikuluzikulu za kuphazi n'zokhuthala ndi zachikasu kuyambira ali khanda, ndipo mwapaka mafuta opha mafangasi a clotrimazole miyezi itatu koma palibe chasintha. Mawu akuti "kuyambira ali khanda" ndi amene akutiuza zambiri. Mafangasi a m'chikhadabo sagwira kawirikawiri ana aang'ono chonchi, ndipo akagwira, nthawi zambiri mumapezanso kuti pakati pa zala pakusupuka, kapena wamkulu wina pakhomopo ali nalo vutolo.

Mukhazikeni pamiyendo, muyang'ane chikhadabocho kuchokera pamwamba. Ngati sichikulunjika ndi chala, koma chapendekera mbali ya chala chachiwiri, chili ndi mizere yopingasa yosanjikizana ngati chigoba cha nkhono, nsonga yake ndi yosongoka ndipo yatukuka pamnofu, n'kutheka kuti ndi chilema chobadwa nacho chomwe madokotala amati congenital malalignment. Muzu wa chikhadabo unakhala mokhota. Mwana akamayenda chikhadabocho chimagundika mu nsapato, chimakhuthala, dothi ndi timagazi tikulowa pansi pake, mtundu n'kusintha. Mafuta opaka sangawongole muzu. Ana pafupifupi theka chimawongoka chokha akamakula, asanakwane zaka 10.

Chomwe chimatidetsa nkhawa ndi mapiritsi. Terbinafine wa zikhadabo za kuphazi amamwedwa masabata 12, griseofulvin amatha kufika chaka, ndipo onsewa amadutsa m'chiwindi. Mwana asamwe asanayezedwe. Kuyeza kwake amadula kachidutswa ka chikhadabo ndi kupala zinyenyeswa za pansi pake, amathira mankhwala otchedwa KOH, othandiza kuti mafangasi aoneke, n'kuyang'ana pa maikulosikopu; akafuna kumeretsa mafangasiwo mu labu, zotsatira zimatenga masabata awiri mpaka anayi. Muuzeni dokotala za mafuta mwakhala mukupakawo, chifukwa amatha kubisa zotsatira. Pemphani kalata yopita kwa dokotala wa khungu, monga ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, ndipo musazengereze: chikhadabo chikakhota kwambiri pamakhala opaleshoni yotembenuza muzu, ndipo madokotala ambiri amati imayenda bwino mwana akadali wamng'ono.

Pakadali pano, viikani chikhadabocho m'madzi ofunda mphindi 10 kenako muwenge mopingasa, osakumba m'makona, osagwiritsa lezala. Nsapato ikhale yotakasuka kutsogolo, pasiyike mpata wa chala chanu chachikulu. Jambulani chithunzi mwezi uliwonse pamalo owala, poti chikhadabo cha kuphazi chimakula pang'onopang'ono, kupitirira pang'ono milimita imodzi pamwezi, ndiye ndi maso okha simungaone kusintha. M'mbali mukafiira, mukatupa kapena kutuluka mafinya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Onaninso zala zina. Zikhadabo zopyapyala zolowa pakati ngati supuni n'zofala kwa makanda ndipo zimatha zokha. Koma zikakhuthala zambiri, za m'manja zomwe, ndipo pansi pa phazi pakuuma zikundu zopweteka, ndi matenda ena a kumtundu otchedwa pachyonychia congenita. Mwana woyenda wopanda nsapato mumuonenso matekenya: kadontho kakuda pakati pa chotupa choyera m'mphepete mwa chikhadabo, chifukwa nawonso amachipotoza.